Achimwene akundigulira foni ku Joni: kodi ndidikire ya AI?

Kalata ya sabata ino yachokera ku Zomba, kwa mayi wina amene amagulitsa zovala ndi nsapato. Makasitomala awo ambiri amawapezera pa WhatsApp, ndipo ndalama amalandirira pa Airtel Money ndi pa Mpamba. Ndaifupikitsa, koma nkhani yake ndi iyi:

"Foni yanga yatopa, batire silichedwa kutha. Achimwene anga amene ali ku Johannesburg akuti andigulira ina akamabwera pa Khirisimasi, ndipo andiuza kuti ndisankhepo pa ziwiri: iPhone 11 yogwirako kale ntchito, kapena Samsung Galaxy A16 yatsopano ya m'bokosi. Ana anga akuti nditenge iPhone. Mnzanga wina akuti zonsezi ndi zachikale poti kwabwera mafoni a AI, bola ndidikire ndiwonjezere ndalama. Kodi AI imeneyi ndi chiyani, ndipo ndikapanda kukhala nayo ndimanidwa chiyani?"

Mayi, zikomo pondilembera. Ndiyambe ndi yankho kuti musavutike kulifunafuna m'munsimu: auzeni achimwene anu agule Galaxy A16, ndipo musasunge ndalama zanu podikira foni ya AI. Zifukwa zanga ndi zingapo, koma chachikulu n'chakuti pa nkhani zonse zimene makampani a mafoni akhala akulengeza m'zaka ziwiri zitatu zapitazi, imene ikukukhudzani inuyo kwambiri ndi imene sailengeza mokweza. Imeneyo ndi nkhani ya zaka zimene kampani idzapitirize kusamalira foni itatha kuigulitsa.

Koma tiyambe ndi AI, poti ndiyo yakusowetsani mtendere. AI ndi mapulogalamu a kompyuta amene amatsanzira nzeru za munthu, monga kuyankha mafunso, kulemba ndi kumasulira.

Phokoso limeneli pa mafoni linakula mu January 2024 pamene Samsung inatulutsa Galaxy S24 n'kuitchula kuti foni ya Galaxy AI. Anaonetsa kuti ukhoza kuzunguliza chala pa chinthu chimene chili pa sikirini, foni n'kukufufuzira kuti ndi chiyani. Anaonetsanso kuti ukamalankhula ndi munthu wa chinenero china, foni imakumasulirani pomwepo. Apple inatsatira mu June chaka chomwecho ndi Apple Intelligence, imene imagwira pa iPhone 15 Pro ndi mafoni otuluka pambuyo pake basi. Ndiye onani: iPhone 11 imene ana anu akuifuna ilibe AI ya Apple, ngakhale iPhone 14 ilibe. Kuti mupeze foni imene mnzanu akunenayo, ndalama zake ndi zogulira ma A16 angapo.

Nanga mukawononga ndalama zonsezo mupeza chiyani? Zina ndi zabwino ndithu, sindikana. Kufufuta munthu amene walowerera pa chithunzi chanu kumatheka bwino. Koma kumasulira pa foni kuja kunayamba ndi zinenero 13, ndipo Chichewa mulibe. Kasitomala wa ku Chinamwali akakuimbirani kuti nsapato ija mumusungire mpaka mwezi uthe, palibe chimene AI imeneyo ingakuthandizeni. Ndipo eni ake omwe sanathe kukwaniritsa zonse zimene analonjeza. Kumayambiriro kwa 2025 Apple inayamba yaimitsa ntchito yofupikitsa mauthenga a nkhani, BBC itadandaula kuti foni ikupeka mitu ya nkhani yabodza n'kuiika pansi pa dzina la BBC. Mu March chaka chomwecho inavomera kuti Siri watsopano wanzeru amene inamuonetsa, wothandizira wa mu iPhone amene umalankhula naye, achedwa kubwera. Munthu amene anagula foni yodula chifukwa cha lonjezo limenelo anangotsala akudikira.

Pali chitsanzo china chimene chimandipweteka mtima ndikachikumbukira. Kampani ina ya ku America yotchedwa Humane inatulutsa kachipangizo kotchedwa AI Pin mu April 2024, kovala pachifuwa, pamtengo wa madola 699, n'kumanena kuti kadzalowa m'malo mwa foni. Chaka chisanathe, mu February 2025, kampaniyo inagulitsa katundu wake ku kampani ya makompyuta ya HP, ndipo pa 28 February tizipangizo tija tinasiya kulumikizana ndi makompyuta a kampaniyo. Anthu anatsala ndi chinthu chimene analipira ndalama zambiri koma chosagwiranso ntchito imene anachigulira. Chipangizo chimene nzeru zake zonse zili pa intaneti, m'makompyuta a eni ake, moyo wake uli m'manja mwa eni akewo.

Komanso AI imene anthu ambiri amaigwiritsadi ntchito sifuna foni yapadera. Meta AI ili kale mu WhatsApp, ndipo Malawi inali m'gulu la mayiko oyamba kuilandira mu April 2024, pamodzi ndi Zambia, Zimbabwe ndi South Africa. ChatGPT ndi Gemini mukhoza kuzitsegula pa foni wamba bola muli ndi bandulo. Google Translate ili ndi Chichewa kuyambira 2014. Mukafuna kuti ikuthandizeni kulemba uthenga wachingerezi wopita kwa wogulitsa katundu ku Dar es Salaam kapena ku China, A16 ichita zimenezo bwinobwino. Chimene chidzakuchepereni ndi bandulo, osati nzeru za foni.

Tsopano nkhani imene ndikufuna muimvetse. Foni iliyonse ili ndi mapulogalamu amene amaiyendetsa, ndipo m'mapulogalamu amenewo mumapezeka ming'alu imene akuba a pa intaneti amaloweramo. Kampani ikaupeza mng'alu imatumiza update yoti itseke. Zili ngati loko wa pa shopu yanu: mukadziwa kuti wina wasulitsa kiyi wake, mumasintha loko. Foni imene kampani yasiya kuitumizira ma update ndi shopu imene loko wake sadzasinthidwanso, ngakhale kiyi wake atafalikira msika wonse. Inu foni yanu ndi mosungiramo ndalama, ndi kaundula wa amene ali ndi ngongole, ndi pamene makasitomala amakupezerani. Nkhani imeneyi si yaing'ono kwa inu.

Kale mafoni otsika mtengo a Android ankalandira ma update kwa zaka ziwiri kapena zitatu, ena osafika n'komwe pamenepo. Zinthu zinayamba kusintha mu October 2023 pamene Google inalonjeza zaka 7 pa foni yake ya Pixel 8, ndipo Samsung inachitanso chimodzimodzi pa S24. Koma amenewo ndi mafoni a anthu a ndalama. Chimene chinandisangalatsa ine n'chakuti kumapeto kwa 2024 Samsung inatsitsira lonjezo limeneli pa foni ya anthu wamba: Galaxy A16 inalonjezedwa zaka 6, kutanthauza kuti idzakhala ikusamalidwa mpaka cha mu 2030. Kwa ine imeneyi ndiyo inali nkhani yaikulu ya mafoni m'chaka chimenecho, kuposa zonse za AI, ngakhale kuti sinalembedwe ndi zilembo zikuluzikulu.

Makampani sanachite izi chifukwa cha chifundo chokha. Bungwe la European Union lawapanikiza. Kuyambira pa 20 June 2025, foni yatsopano yogulitsidwa m'mayiko a bungweli iyenera kulandira ma update kwa zaka zosachepera 5 kuchokera pamene asiya kuigulitsa, zipangizo zosinthira ziyenera kupezeka kwa zaka 7, ndipo batire liyenera kukhalabe ndi mphamvu 80 peresenti litatchajidwa maulendo 800. Lamuloli si lathu, koma poti kampani imapanga foni imodzi n'kuigulitsa dziko lonse, nafenso timapindulako. Chimodzimodzi ndi tchaja: lamulo lina la ku Ulaya komweko loti mafoni onse azikhala ndi bowo la USB-C ndilo linakankhira Apple kusiya chingwe chake cha Lightning pa iPhone 15 mu 2023.

Tibwere ku iPhone 11. Ndi foni yabwino, ndipo ana anu sakulakwitsa kuikonda. Inatuluka mu September 2019, ndipo kunena zoona kamera yake imajambula bwino kuposa ya A16, makamaka mavidiyo ndi zithunzi za madzulo. Kwa munthu wogulitsa zovala pa status, chimenecho n'chofunika, ndipo sindikubisirani. Apple imasamaliranso mafoni ake nthawi yaitali. Koma pa mndandanda wa mafoni olandira iOS 26, pulogalamu yoyendetsa iPhone imene inatuluka mu September 2025, iPhone 11 ndiyo ili kumapeto kwenikweni. iPhone XR ndi XS, zimene zinatuluka chaka chimodzi m'mbuyo mwake, zinasiyidwa. Mukugula foni imene zaka zake zambiri anadya ndi munthu wina. Ndipo foni ikatsalira m'mbuyo, ma app nawo amayamba kuisiya mmodzimmodzi. Mu 2025 WhatsApp inasiya kugwira pa iPhone 5s, iPhone 6 ndi 6 Plus. Tsiku limenelo likadzafika pa foni yanu, bizinesi yanu idzaima.

Chachiwiri ndi batire, lomwe ndilo dandaulo lanu loyamba m'kalata. Apple yokha imanena kuti batire la mafoni a m'badwo umenewo linapangidwa kuti likhale ndi mphamvu pafupifupi 80 peresenti likatchajidwa maulendo 500. Foni ya 2019 inadutsa kalekale pamenepo. Mwina batire lake ndi lotopa, kapena analisintha kale, ndipo simudziwa kuti anaikamo lotani. A16 imabwera ndi batire latsopano la 5,000 mAh. Magetsi a ESCOM akazima m'mawa n'kuyaka usiku, kusiyana kumeneku mudzakuona tsiku loyamba lomwe. Tchaja yakenso ndi USB-C, imene mukaiwala kunyumba mubwereka kwa woyandikana naye aliyense pamsika, pamene chingwe cha Lightning chabwino n'chodula ndipo zotchipa sizikhalitsa.

Chachitatu n'chaching'ono koma chathu chenicheni. Inu muli ndi manambala awiri, ya Airtel ndi ya TNM. iPhone 11 yogulitsidwa ku South Africa ili ndi malo a SIM imodzi yokha, inayo ndi eSIM, SIM yopanda khadi yomwe muyenera kukaikitsa ku kampani ya foni. Ilibenso poika memori khadi, ndipo yambiri imene imazungulira m'manja mwa anthu ndi ya 64GB, imene zithunzi za katundu ndi magulu a WhatsApp amaidzaza msanga. A16 imayambira pa 128GB. Apa achimwene anu afunse bwino m'shopu kuti akufuna ya ma SIM awiri, chifukwa imapezekanso ya SIM imodzi, ndipo dziwani kuti malo achiwiriwo mumasankha kuikapo SIM kapena memori khadi.

Ndisakukometsereni mopyola. A16 si foni yothamanga. Ya 4GB RAM (memori imene foni imagwirira ntchito) imaganiza kaye mukatsegula ma app ambiri nthawi imodzi, ndiye ngati ndalama zilola, atenge ya 6GB kapena 8GB. Pamenepo m'pamene ndingawonjezere ndalama, osati pa AI. Ilibe bowo la mahedifoni a chingwe chakale. M'bokosi mwake mumakhala chingwe chokha popanda mutu wa tchaja, choncho agulenso mutu wabwino wa 25W, ndipo akumbukire kuti masoketi athu ndi a mano atatu aja, osiyana ndi a ku Joni. Pa za zithunzi, jambulani katundu wanu panja pamthunzi, m'mawa kapena chakumadzulo dzuwa lisanalowe, mutapukuta galasi la kamera. Kuwala kukakhala kokwanira, kasitomala woona pa status sadzadziwa kuti munajambulira foni yanji.

Ena owerenga afunsa kuti nanga bwanji Tecno, Infinix kapena itel, poti ndiwo ali m'manja mwa anthu ambiri kuno. Onse atatu ndi a kampani imodzi ya ku Shenzhen yotchedwa Transsion, imene inaphunzira msanga zimene ife timafuna: ma SIM awiri, batire lalikulu, mtengo wofikirika. Ndimawalemekeza pa chimenecho, ndipo okonza mafoni athu amawadziwa bwino. Koma funso limene ndingafunse wogulitsa ndi lomwelija: foni imeneyi idzalandira ma update kwa zaka zingati? Akalephera kuyankha, fufuzani pa tsamba la kampaniyo musanapereke ndalama. Ndikanakonda ogula tonse tikanayamba kufunsa zimenezi mofanana ndi mmene timafunsira za ma megapixel, chifukwa wogulitsa amabweretsa chimene anthu akufunsa.

Mayi, ngati ana anu apambana mkanganowu ndipo mwasankhabe iPhone, achimwene asapereke ndalama asanaone zinthu izi ndi maso awo. Alowe mu Settings, pa Battery, aone Battery Health. Ikakhala pansi pa 85 peresenti awerengeretu mtengo wa batire lina. Mwini wake achotse akaunti yake ya Apple, yotchedwa iCloud, pomwepo iwo akuona, foni ifufutidwe, ndipo ayiyambitse okha mpaka ifike pa sikirini yoyamba. iPhone yokhomedwa ndi iCloud ya munthu wina ndi yosatsekulika, ndipo amene angakulonjezeni kuti aitsekula akufuna ndalama zanu. Afunsenso lisiti kapena umboni woti foniyo siili pa ngongole ya kontrakiti, aikemo SIM yawo ayese kuimba. Wina akawapatsa iPhone 14 kapena yatsopano kuposa pamenepo yochokera ku America pamtengo wokoma, adziwe kuti imeneyo ilibe malo a SIM ngakhale amodzi, ndi ya eSIM yokhayokha.

Foni iliyonse imene ibwere, tsiku lomwelo muiveke kava ndi galasi loteteza sikirini, musanaitenge kumsika. Musanasiye yakaleyo, sungani macheza anu a WhatsApp, chifukwa ndimo muli maoda ndi ngongole za anthu; kuchoka pa Android kupita pa Android inzake n'kosavuta kudzera pa Google Drive, pamene kusamukira pa iPhone kumafuna munthu wodziwa akuthandizeni. Mu WhatsApp momwemo yatsani PIN ya manambala 6 yoteteza akaunti yanu, ndipo musauze aliyense nambala imene yabwera pa SMS ngakhale atanena kuti akuimba kuchokera ku kampani ya foni. Uthenga wa update ukabwera, musamangodina kuti "mawa". Pezani Wi-Fi kapena bandulo ya usiku, foni ili pa tchaja, muilole imalize.