Kodi ukhansala wa kumphepete kwa mzinda ndi ntchito yotani?

Sabata yatha ndidalandira kalata ya pa imelo kuchokera kwa bambo wina amene adapuma ntchito yauphunzitsi ndipo amakhala chakumphepete kwa mzinda wa Zomba. Iwo akuti anthu a m'dera lawo akhala akuwanyengerera kuti adzaime ngati khansala pa chisankho chamtsogolo, ndipo funso lawo ndi lakuti: kodi moyo wa khansala ndi wotani kwenikweni, nanga munthu amafika pati akayamba ndale za kukhonsolo? Ndiyankha pano chifukwa ndikudziwa kuti si inu nokha, aphunzitsi, amene mukulingalira zimenezi.

Ndiyambe ndi kukukumbutsani kuti mpando umenewu udakali wanthete m'dziko muno ngakhale lamulo lake ndi la 1998. Makhansala amene adasankhidwa m'chaka cha 2000 adatsiriza nthawi yawo mu 2005, ndipo kuchokera pamenepo dziko lidakhala zaka 9 popanda khansala ndi mmodzi yemwe, kufikira chisankho cha patatu cha pa 20 May 2014. M'zaka zimenezo aphungu ndi akuluakulu olembedwa ntchito m'makhonsolo adazolowera kuyendetsa zinthu okha, ndipo anthu nawo adazolowera kuti mlatho ndi mjigo zimachokera kwa phungu. Khansala wa lero akulimbanabe ndi chizolowezi chimenechi.

Njira yolowera si yovuta kuimvetsa. Muyenera kukhala ndi zaka zosachepera 21, kukhala m'kaundula wa ovota, ndiponso kutha kuyankhula ndi kuwerenga Chingerezi, zimene kwa inu si nkhani. Mukafuna kuimira chipani mudzadutsa m'mapulaimale, kumene maubwenzi ambiri amathera. Mukapanda kutero mudzaima panokha.

Chimene ndikufuna kuti tikambirane mofatsa ndi dera lanulo. Khansala wa pakati pa tauni amadandaula za zinyalala za pamsika ndi magetsi a m'misewu, koma wa ku Chinamwali, ku Sadzi kapena kumene Chikanda akutsetserekera ku mtsinje wa Likangala ali ndi anthu amene akukhala m'tauni ndi kumudzi nthawi imodzi. Ambiri adagula malo kwa amfumu, adamanga popanda pulani yovomerezeka ndi khonsolo, ndipo msewu wopita kwawo udayamba ngati kanjira ka kumunda. Khonsolo ikafuna msonkho wa nyumba amayankha kuti sakuona chimene khonsoloyo idawachitira, ndipo khonsolo nayo imati ilibe ndalama chifukwa anthu sakulipira. Pakati pa mbali ziwirizi pamaima khansala. Kuwonjezera apo, malire a khonsolo ya mzinda ndi khonsolo ya boma la Zomba sadalembedwe pansi ndi laimu, kotero mayi wokhala tsidya lina la khwawa adzabwera kwa inu ndi vuto lake ngakhale dzina lake lili m'kaundula wa wodi ina.

Ndidadziwana ndi khansala wina wa m'gulu la 2014, ndipo tsiku lina m'nyengo ya dzinja ndidafika kwawo dzuwa lisanatuluke bwino. Pakhonde ndidapeza anthu asanu atakhala pamphasa. Mmodzi adabwera kudzanena za maliro ndipo ankayembekeza thandizo la bokosi ndi ufa wa adzukulu, wina adali ndi mwana amene adasankhidwa kupita ku sekondale koma fizi panalibe, mayi wina ankati madzi a m'ngalande alowa m'nyumba mwake usiku, ndipo anyamata awiri akabaza ankadandaula kuti achotsedwa pamalo pamene amaimikapo njinga. Khansalayo adatuluka atavala patapata, adawamvera onse mmodzimmodzi, ndipo mwa mavuto anayiwo limodzi lokha, la ngalande, ndilo lidali la khonsolo mwachindunji. Ufa wa pamaliro udachoka m'thumba la chimanga cha ana ake.

Ndalongosola za m'mawa umenewo chifukwa khansala salandira malipiro onga a phungu. Amalandira kangachepe kothokoza pamwezi ndi maalawansi a misonkhano, ndipo ndalamayo siifika pakati pa mwezi ngati maliro achuluka m'dera. Lamulo la zipani la 2018 lidaletsa kugawa ndalama ndi zinthu pofuna kukopa mavoti, koma palibe lamulo limene lidachotsa manyazi a munthu amene wakhala pa siwa chimanjamanja anthu akumutcha olemekezeka. Ngati mukudalira penshoni yokha, kambiranani ndi mayi akunyumba musanavomere, pakuti iwo ndi amene adzaphike tiyi wa alendo a pakhondewo.

Ntchito yeniyeni, imene ovota saiona, ili m'chipinda cha misonkhano. Makhansala amakhala m'makomiti a zachuma, zomangamanga, zaumoyo ndi zamaphunziro, amavomereza bajeti, amapanga malamulo ang'onoang'ono a mzinda, ndipo amayenera kufunsa ogwira ntchito kukhonsolo mmene ndalama zayendera. Iwo sasaina cheke ndipo salemba ntchito kontrakitala; zimenezo zili m'manja mwa mkulu wa khonsolo ndi akatswiri ake. Apa ndi pamene uphunzitsi wanu ungakuthandizeni kuposa nyimbo za pamsonkhano, chifukwa khansala amene amawerenga lipoti la zachuma mzere ndi mzere ndi kufunsa chifukwa chimene ndalama za ziphaso za pamsika zatsikira amaopedwa, pamene amene amangodikira kusaina alawansi amadutsidwa ngati chitsa. Muyeneranso kudziwa khomo loyenera kugogoda: mpope ukauma nkhani ndi ya Southern Region Water Board, imene imatunga madzi ku damu la Mulunguzi paphiri la Zomba, thiransifoma ikapsa ndi ya ESCOM, ndipo msewu waukulu wochokera ku Blantyre kupita ku Liwonde ndi wa Roads Authority. Anthu adzakutukwanirani zonsezi mofanana.

Za ubale wanu ndi phungu, konzekani. Thumba la chitukuko cha m'madera a aphungu, lija timangoti CDF, lidayamba mu 2006, nthawi imene makhansala kunalibe, ndipo mkangano wa amene ayenera kuliyang'anira udafika mpaka kubwalo lamilandu, kumene mu 2025 oweruza adagamula mokomera bungwe la makhonsolo la MALGA kuti aphungu asamayendetse thumbali kapena kuvota m'khonsolo. Kaya malamulo adzakhala otani pofika nthawi yanu, phungu aliyense amayang'ana khansala wolimbikira ngati munthu amene akunola mpeni wa mpando wake, ndipo nthawi zambiri sakhala akulakwitsa.

Zimenezi zikutifikitsa ku mbali yachiwiri ya funso lanu. Makwerero alipo koma ndi aafupi. Mfumu ya mzinda sisankhidwa ndi anthu onse koma ndi makhansala anzake, kotero ku Zomba, kumene makhansala ndi ochepa, mavoti awiri kapena atatu amatha kusintha zonse, ndipo chipani chimakhala ndi mawu ake. Ena amachoka pa ukhansala n'kukayesa uphungu, ochepa amapambana, ambiri amabwerera ku geni yawo ali ndi ngongole ya njinga yamoto. Khansala ndidatchula uja adagwa pa mapulaimale a 2019, atagonja kwa mnyamata amene ankamunyamulira zikwama pa kampeni. Kalavati imene adailimbikira zaka zitatu idamangidwa iye atachoka kale, ndipo adaitsegulira ndi wina.

Mukandifunsa ngati muime, ndinena kuti yambani mwalowa m'komiti ya chitukuko ya wodi yanu ndipo mukakhale nawo pa msonkhano wa khonsolo yonse kawiri kapena katatu, popeza anthu wamba amaloledwa kumvetsera. Mukatenge bajeti ya chaka chino, muiwerenge ndi cholembera chofiira monga munkachongera mayeso, kenaka mundilemberenso kundiuza zimene mwapeza pa mzere wa misewu ya kwanuko.