Kwa amene mwafunsa ngati masaji ndi ntchito yokalamba nayo

Achemwali, mwafunsa ngati munthu angagwire ntchito yotikita minofu moyo wake wonse, komanso chimene amapindula kupatula ndalama, poti abale anu akuti ndi ntchito yongodikirira ina. Ine imvi zandipeza ndili m'ntchito yomweyi, ndiye ndiyankheko.

Chimene chandisunga ine ndi chakuti manja sasiya kuphunzira. Pomaliza maphunziro mumadziwa mayina a minofu, pamene uliwonse wayambira ndi pamene wathera, koma zala zimakhala zisanayambe kumva. Pakapita zaka, mumangoika dzanja paphewa la munthu n'kuzindikira kuti uyu amakhala tsiku lonse atawerama pa kompyuta, uyu amakukuta mano usiku, uyu akudandaula msana koma vuto lili m'chiuno chifukwa amaponda mokondera mwendo umodzi. Mumadziwanso nthawi yoleka kukanikiza n'kungodikira kuti mnofu ufewe wokha, zimene wongoyamba kumene sangapirire. Ntchito zambiri zimafwifwa ukazizolowera. Iyi ayi, chifukwa thupi lililonse limabwera ndi nkhani yake.

Ndiye pali anthuwo. Mukakhalitsa, mumayenda ndi anthu omwewo m'nyengo zonse za moyo wawo. Mayi amene munamuthandiza ali woyembekezera amabweranso msana utawawa ndi kunyamula mwana, kenako amabwera mapewa ataumiratu mwamuna wake atamwalira. Ena amalira ali pabedi lotikitira, ndipo simufunsa, mumangopitiriza mwakachetechete. Amandikhudza kwambiri ndi achikulire okhala okha. Wina amakuuzani kuti kuyambira pamene mnzawo anatisiya, palibe amene anawagwirapo ngakhale dzanja kupatula dokotala poyeza. Kudziwa kuti munthu wotere wadzuka pabedi lanu akupuma momasuka, ine sindinapezepo china chofanana nacho.

Musaganize kuti ndi zongomva mumtima. Mu 1986, wofufuza Tiffany Field ndi anzake ku Miami, ku America, anapeza kuti ana obadwa masiku asanakwane amene ankasisitidwa kwa mphindi 15 katatu patsiku kwa masiku 10 ankanenepa mofulumira ndi 47 peresenti kuposa anzawo, ndipo ankatuluka m'chipatala msanga ndi masiku 6. Mu 2017, bungwe la madokotala a ku America la American College of Physicians linaika masaji pakati pa njira zoyamba kuyesa msana ukangoyamba kuwawa, munthu asanathamangire mankhwala. Komabe ndimadana ndi anzathu amene amalonjeza zoposa pamenepo. Masaji sachiza khansa, sachotsa shuga, ndipo nthawi zambiri mpumulo wake ndi wa masiku ochepa. Ulemu wa ntchitoyi uli pa kudziwa malire ake. Munthu akabwera katumba wa mwendo umodzi atatupa, akutentha ndi kuwawa, simukhudza n'komwe, chifukwa mwina magazi aundana mumtsempha ndipo chotundanacho chikhoza kuthawira kumapapo. Mumamutumiza kuchipatala tsiku lomwelo. Ndinunso amene mumaona kumsana kumene mwini wake saona, choncho kadontho kapakhungu kakayamba kukula kapena kusintha mtundu, mumamuuza akaonetse kwa dokotala. Ena amadzabwera kudzathokoza chifukwa cha mawu amenewo kuposa kutikitako.

Za abale anu, ngati nkhawa yawo ikukhudzanso mbiri ya ntchitoyi, si yachilendo. Mu 1894 ku Britain kunabuka mbiri yoipa ya nyumba zina za ku London zimene zinkabisa uhule m'dzina la masaji. Anamwino anayi, mmodzi wa iwo Rosalind Paget, anakhazikitsa bungwe la otikita minofu ophunzitsidwa, la Society of Trained Masseuses, lokhala ndi mayeso ndi malamulo okhwima. Bungwe lomwelo ndi limene mu 1944 linakhala Chartered Society of Physiotherapy, bungwe la akatswiri othandiza odwala ndi mafizo. Dzina labwino amalimanga chimodzimodzi mpaka lero: satifiketi yeniyeni, kufunsa za matenda a munthu musanayambe, kumufunditsa bwino n'kuvundukula pokhapo pamene mukugwira, kusunga chinsinsi chake, ndi kuimitsa ntchito pomwepo wina akayamba zachipongwe. Musachite naye manyazi, ndipo musamulandirenso.

Koma kuti mukalambe nayo, samalani thupi lanu kuyambira chaka choyamba. Ambiri amene ndawaona akusiya sanatope ndi anthu, anathera zala zamanthu, mfundo za dzanja ndi msana. Phunzirani kugwiritsa ntchito mkono, chigongono ndi kulemera kwa thupi lonse m'malo mokanikiza ndi zala. Bedi likhale lotsika moti mutha kuyedzamira osakweza mapewa. Musadzaze tsiku ndi anthu ofuna kukanikizidwa mwamphamvu okhaokha, ngakhale ndalama zikukopeni.

Mphamvu zikayamba kuchepa, ntchito simathera pomwepo. Pali njira zofatsa zimene zimafuna luso osati nyonga, monga ija anayambitsa Emil Vodder m'zaka za m'ma 1930 yothandiza kuyendetsa madzi otsakamira m'thupi. Masiku ano imathandiza amayi amene mkono umatupa atachitidwa opaleshoni ya khansa ya m'mawere, koma imafuna maphunziro apadera. Ena amapita kukatumikira odwala amene atsala pang'ono kutisiya, ena amaphunzitsa achinyamata. Ngati mwatsimikiza mtima, funsani sukulu imene mukufuna kulowayo kuti imapereka maola angati ogwira anthu enieni moyang'aniridwa ndi mphunzitsi, ndiponso ngati satifiketi yake imavomerezedwa kumene mukufuna kukagwira ntchito.