Funsani Tikuyankheni: Nyongolotsi Zodya Makorali M'thanki ya Madzi Amchere

FUNSO: Akonzi, ndine bambo wochokera ku Ulónguè m'boma la Angónia, koma ndimagwira ntchito mumzinda wa Tete pa nyumba ina yogona alendo. Abwana anandipatsa udindo wosamalira thanki yaikulu yagalasi ya madzi amchere, momwe muli nsomba za m'nyanja yaikulu ndi makorali, zamoyo zija zooneka ngati timitengo tamiyala. Miyezi iwiri yapitayo anabweretsa makorali atsopano a mtundu wa Acropora, ndipo tinawaika m'thankimo tsiku lomwelo. Tsopano ena ayamba kuyera kuyambira kutsinde, ndipo ali ndi timabala tozungulira. Nditawapopera madzi ndi sirinji, panagwa tinthu tophwatalala tofiirira tonga timisundu. Ndinawaviika m'mankhwala amene abwana anaitanitsa, tinthuto tinafa tambiri, koma patatha milungu itatu tabweranso. Kodi mankhwalawo ndi achabe, kapena ndikulakwitsa pati? Ndili ndi nkhawa kuti ntchito ingandithere.

Wowerenga wa ku Tete

YANKHO: Bambo, mankhwalawo si achabe, ndipo inu simunalakwitse poviika makoraliwo, koma munaviika kamodzi kokha pamene mdani wanu amafuna kumubwerera kambirimbiri. Zizindikiro zimene mwafotokozazi zikuloza kwa nyongolotsi yophwatalala yodya Acropora, imene ogulitsa amaitcha flatworm pa Chingerezi kapena planária pa Chipwitikizi. Asayansi anaifotokoza koyamba mu 2011 ataipeza m'matanki a anthu oweta makorali, ndipo pambuyo pake anaipezanso ikukhala m'nyanja ku Great Barrier Reef m'dziko la Australia. Poyamba anaipatsa dzina lakuti Amakusaplana acroporae, koma masiku ano imatchedwa Prosthiostomum acroporae, ndipo ndi bwino kudziwa mayina onse awiri mukamafunsa kwa ogulitsa.

Nyongolotsi imeneyi ndi yovuta kuiona chifukwa cha chakudya chake chomwe. M'mnofu wa korali mumakhala ndere zing'onozing'ono zimene zimalipatsa mtundu ndi chakudya, ndipo nyongolotsiyo ikadya mnofuwo imameza nderezo, kotero kuti thupi lake limatenga mtundu wa korali limene yakakamirapo. Yaikulu imatha kupitirira sentimita imodzi, koma zambiri ndi za mamilimita ochepa chabe, ndipo zimakonda kubisala kunsi kwa nthambi ndi m'mphanda momwe kuwala sikufika. Munthu angayang'ane korali kwa mlungu wathunthu osaona kanthu, kupatula timabala toyera tozungulira tija, kalikonse kotambalala pafupifupi milimita imodzi, timene ndi malo amene pakamwa pake panaluma.

Chimene chakubwezerani vutoli ndi mazira. Nyongolotsizi zimaikira mazira m'timagulu tofiirira pa chigoba cha korali chimene chatha mnofu, makamaka kutsinde kwa korali ndi pa kamwala kamene lamatidwapo, ndipo mazirawo ali ndi chikuto cholimba chimene mankhwala oviikira salowamo. Aliyense amene analimbanapo ndi nsikidzi m'nyumba akudziwa zimenezi: mumapopera lero, mumagona bwino masiku angapo, kenako mazira amene anali m'ming'alu amaswa ndipo kulumidwa kumayambiranso. Mazira a nyongolotsizi amaswa patatha milungu iwiri kapena itatu, ndipo madzi akakhala otentherapo amaswa msanga, anawo amakulanso msanga n'kuyamba kuikira. Mfundo imeneyi ikukukhudzani kwambiri inu a ku Tete, kumene mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40. Makorali amafuna madzi a madigiri 24 mpaka 27, ndipo ngati makina oziziritsira madzi akulephera kusunga mlingo umenewu, korali limafooka ndi kutentha pa nthawi yomweyo imene adani ake akuswana mofulumira.

Popeza ndinu mwana wa ku Angónia, kumene anthu amaweta ng'ombe, ganizirani za dibi. Palibe mlimi amene amapititsa ng'ombe ku dibi kamodzi n'kunena kuti nkhupakupa zatha, chifukwa amadziwa kuti zina zatsala m'udzu. Makorali anu afunika dongosolo lomwelo. Chotsani makorali onse a Acropora m'thanki yaikulu, odwala ndi ooneka athanzi omwe, ndipo muwaike m'thanki ina yaing'ono yopanda miyala ndi mchenga, yokhala ndi nyale yake ndi pampu yoyendetsa madzi. Kamodzi pa mlungu tungani madzi a m'thanki yaing'onoyo muike m'beseni loyera, thiranimo mankhwala oviikira makorali motsata ndendende mlingo ndi mphindi zimene zalembedwa pa botolo, ndipo korali lili m'madzimo muzilipopera mwamphamvu ndi sirinji m'mphanda zonse. Pansi pa beseni loyera mudzaziona bwino zikamagwa, zikudzipinda ndi kudzitambasula. Mukatero tsukuluzani koralilo m'beseni lachiwiri la madzi amchere opanda mankhwala musanalibwezere. Ntchitoyi muziigwira m'mamawa kusanatenthe, chifukwa madzi ochepa a m'beseni amatentha msanga, ndipo korali lomwe likuvutika kale ndi mankhwala silingapirire zonse ziwiri. Bwerezani zimenezi kwa milungu 6 mpaka 8 mosadumpha, ngakhale mutaona kuti pa mlungu wachitatu sipanagwe kanthu, pakuti cholinga ndi kupha ana onse oswedwa asanafike msinkhu woikira mazira.

Kuviika kokha sikukwanira ngati simugwira ntchito ya manja pa mazirawo, ndipo apa ndi pamene ndikupemphani kuti mudekhe. Tengani tochi ndi galasi lokulitsa zinthu, mutembenuze korali lililonse ndi kuyang'ana malo onse oyera. Mukapeza timagulu ta mazira mukhoza kutipala ndi mpeni waung'ono, koma ine ndimakonda njira yotsimikizika, yomwe ndi kudula nthambi zathanzi pamwamba pa malo odwalawo, kutaya tsinde lonse pamodzi ndi kamwala kake, ndi kumata nthambizo pa timiyala tatsopano ndi guluu wa mtundu wa super glue wokhuthala, amene savulaza korali. Ndikudziwa kuti mtima umawawa kudula korali limene lagulidwa ndi ndalama zambiri ndi kuyenda ulendo wautali, koma nthambi ya Acropora imaphukanso ngati phesi la chinangwa, pamene tsinde lokhala ndi mazira lidzakuphetsani makorali onse.

Thanki yaikulu nayo muisiye yopanda Acropora kwa milungu yomweyo 6 mpaka 8. Nyongolotsizi zimadalira Acropora pa chakudya, kotero zotsalira m'miyala zidzafa ndi njala, malinga ngati mwapala ngakhale kamnofu kakang'ono kamene kanayanga pa mwala pamene korali linali. Nsomba ndi makorali a mitundu ina zikhoza kukhalabe momwemo.

Pali zinthu ziwiri zimene musayese. Musaviike Acropora m'madzi opanda mchere poganiza kuti nyongolotsi za m'nyanja zifa, chifukwa zidzafadi, koma mnofu wa korali udzawonongeka nazo limodzi. Musatengenso mankhwala a ku dibi enieniwo kapena opopera mbewu, ngakhale mutamva kuti ena kunja amagwiritsa ntchito mankhwala ophera tizilombo, pakuti kadontho kotsalira pa korali kakhoza kupha nkhanu ndi tinyama tina ta m'thanki. Madzi a mankhwala mukatha nawo musawabwezere m'thanki kapena kuwatayira m'ngalande yolowera mu Zambezi.

Ena adzakuuzani kuti mugule nsomba yodya nyongolotsizi. Ndi zoona kuti kansomba ka mizere 6 kotchedwa Pseudocheilinus hexataenia kamadya nyongolotsi zazikulu, ndipo kanyama konga nkhanu yaing'ono, ka mtundu wa camarão (shrimp pa Chingerezi), kotchedwa Lysmata vittata kamadya nyongolotsi ndi mazira omwe. Zimenezi zimachepetsa vuto koma sizilithetsa, ndipo kansombako kamadziwika ndi ndewu kwa nsomba zina zofatsa.

Za nkhawa ya ntchito yanu, ndikulangizani kuti muwafotokozere abwana mwaulemu kuti nyongolotsizi sizinabadwe ndi kusasamala kwanu, koma mwachidziwikire zinabwera pa makorali atsopano aja. Muwapemphe kuti thanki yaing'onoyo ikhale yachikhalire, kuti korali lililonse lobwera liziyamba lakhala m'menemo kwa milungu yosachepera 6, likuviikidwa ndi kuyang'anidwa, lisanalowe m'thanki yaikulu. Muwakumbutsenso kuti aziitanitsa makorali oweteredwa m'matanki kwa ogulitsa odziwika, osati othyoledwa ku zilumba za Bazaruto kapena Quirimbas, komwe ndi malo otetezedwa ndi boma.

FUNSO: Akonzi, mwamuna wanga ali ndi thanki yaing'ono ya madzi amchere kunyumba, ndipo akapita kuntchito ku mgodi ndimaisamalira ndine. Nkhono zimene zimadya ndere pagalasi zikutha imodzi ndi imodzi, tikungopeza zigoba zopanda kanthu m'mawa. Usiku wina ndinaona chinthu chopyapyala chamawangamawanga, chachikulu ngati tsamba laling'ono, chikuyenderera pa mwala. Komanso pa mchenga pabuka timadontho tambirimbiri tofiira ngati dzimbiri. Kodi timadonthoti ndi ana a chinthucho?

Wowerenga wa ku Moatize

YANKHO: Mayi, si ana ake ayi, muli ndi alendo a mitundu iwiri. Chamawangamawangacho ndi nyongolotsi yophwatalala yaikulu ya gulu limene asayansi amalitcha Polycladida, ndipo ndiyo ikudya nkhono zanu. Masana imabisala m'mabowo a miyala, usiku imatuluka n'kukuta nkhono ndi thupi lake lonse ngati nsalu, kenako imatulutsa kholingo lake ndi kudya nyama ya mkati. Kawirikawiri imabwera itabisala m'miyala ya m'nyanja imene anthu amagula pokonza thanki. Mankhwala othira m'thanki sadalirika pa nyongolotsi yaikulu chotere, choncho muyenera kuigwira. Dikirani maola awiri kapena atatu nyale zitazimitsidwa, muifunefune ndi tochi yosawala kwambiri, ndipo mukaiona musaitsine ndi zala kapena chopanira, chifukwa imang'ambika mosavuta n'kuthawira m'bowo. Iyamweni ndi kapaipi kotsikira mu ndowa, kapena muzindikire mwala umene yalowamo, muutulutse wonse, ndi kuuviika mwachidule m'ndowa ya madzi opanda mchere ngati palibe korali pamwalapo. Mudzaona ikutuluka yokha. Pitirizani kuyang'ana usiku kwa milungu ingapo, popeza pamene pali imodzi pakhoza kukhala inzake, ndipo musagule nkhono zina mpaka mutatsimikiza.

Timadontho tofiirato, malinga ndi mmene mwatifotokozera, ndi tinyongolotsi ta mtundu wa Convolutriloba. Sitiluma nkhono kapena korali, koma timakhala ndi ndere m'thupi, timakonda kuwala, timachulukana mwa kudzigawa, ndipo tikachuluka timaphimba makorali n'kuwatchingira kuwala. Kuopsa kwake kwenikweni kumabwera tikafa tambiri nthawi imodzi, chifukwa timatulutsa poizoni amene amatha kupha nsomba. Mankhwala ake alipo, monga Flatworm Exit wa kampani ya Salifert, koma musawathire musanachepetse tinyongolotsito. Kwa masiku angapo muzitiyamwa ndi kapaipi, madziwo akudutsa pa kansalu kosefera kuti muwabwezere, mpaka titatsala tochepa. Tsiku lothira mankhwala mukhale mutasakaniza kale madzi atsopano okwana gawo limodzi mwa magawo anayi a thanki, pogwiritsa ntchito madzi osefedwa bwino ndi mchere wopangidwira matanki, osati wa kukhitchini, pa mlingo wa magalamu pafupifupi 35 pa lita imodzi. Mukhalenso ndi makala apadera osefera madzi, otchedwa activated carbon. Tinyongolotsito tikayamba kufa ndi kuyandama, tiyamweni mwamsanga, sinthani madziwo, ikani makalawo m'sefa, ndipo ntchitoyi muichite pa tsiku limene amuna anu ali pakhomo, chifukwa imafuna manja anayi.