Ku Palma bata lili mkati mwa mpanda, pamsewu palibe

Achemwali amene mwafunsa mugulu muno ngati amuna anu avomere ntchito yoyendetsa thiraki kumpoto kwa Mozambique, musayambe mwalongedza zovala za bambowo. Ntchito yoyendetsa thiraki kuchoka ku Pemba kupita ku Palma si yoti munthu n'kuvomera chifukwa chakuti abwana anena kuti "nkhondo inatha, a gasi akubwerera". Ndipo inu amene mukulemba kuti "apite basi, imfa ili paliponse", taimani kaye. Mawu otsimikizira anthu ngati amenewa anamvekanso pa 24 Malichi 2021. Tsiku limenelo kampani ya Total inalengeza kuti iyambiranso ntchito yake ya gasi ku Afungi, pafupi ndi Palma, poti chitetezo chakhwima. Dzuwa lisanalowe, zigawenga zinali zitalowa kale m'tauni ya Palma.

Zinalowera mbali zingapo nthawi imodzi, n'kutseka misewu yotulukira. Netiweki ya foni inathima, moti munthu sakanatha kuimbira ngakhale mkazi wake amene ali kumsika. Zinathyola mabanki, zinawotcha nyumba za boma, zinapha anthu m'misewu, madalaivala ena anaphedwera pamathiraki awo omwewo. Kothawira kunali kutatu: kutchire, kugombe, kapena kumpanda wa Afungi, mtunda wa makilomita pafupifupi 10. Amene anathamangira kumpandako, anthu masauzande, anakaunjikana kunja kwake pamudzi wa Quitunda. Mpandawo unamangidwira kuteteza gasi ndi antchito a mkati, osati aliyense wofika akulira.

Anthu pafupifupi 200 anadzitsekera mu hotela ya Amarula. Anagona pansi masiku awiri, zipolopolo zikulira kuseri kwa khoma, akuuzidwa kuti thandizo likubwera. Mahelikopita ang'onoang'ono a kampani ya Dyck Advisory Group ya ku South Africa ankanyamula anthu owerengeka paulendo umodzi. Amnesty International inalemba pambuyo pake kuti azungu ndi amene ankayamba kukwezedwa, kampaniyo inakana. Lachisanu pa 26 Malichi otsalawo anaona kuti kudikira n'kufa, anadzazana m'galimoto 17 n'kutuluka pageti kulowera kugombe. Zigawenga zinali zitabisalira panjira. Zinapulumuka galimoto 7 zokha. Antchito a pulojekiti ya gasi anatengedwa pa sitima kupita ku Pemba, pomwe anthu wamba ankafika pagombe la Paquitequete ku Pemba komweko patatha masiku ambiri m'mabwato a matanga, opanda madzi akumwa. Amene anawoloka mtsinje wa Rovuma kulowa ku Tanzania anabwezedwa kudzera pachipata cha Negomano. Boma linati afa ndi anthu makumi angapo. Kafukufuku amene anachitika khomo ndi khomo pambuyo pake anapeza kuti ophedwa ndi osowa anapitirira 1,000.

Chimene chimandipsetsa mtima n'chakuti palibe chinali chodzidzimutsa pamenepa. Kwa miyezi ingapo Palma inali itatsekeka kumsewu, chakudya chikubwera pa boti, mitengo itakwera moti anthu ankagona ndi njala. Doko la Mocímboa da Praia, makilomita pafupifupi 80 chakummwera, linali m'manja mwa zigawenga kuyambira Ogasiti 2020. Aliyense wa kumeneko ankadziwa kuti yatsala ndi Palma. Akuluakulu okha ndi amene ankati zonse zili bwino, ndipo amene ankalemba anthu ntchito ankangobwereza zomwezo chifukwa katundu ankafunika kufika.

Ndipo akuluakuluwo anayamba kale kutseka makutu. Chiwembu choyamba chisanachitike pa 5 Okutobala 2017 kupolisi ya Mocímboa da Praia, mashehe a kumeneko anali atachenjeza boma za anyamata amene ankanyoza makolo awo ndi kuletsa ana kupita kusukulu za boma. Sanamvedwe. Tikumbutsane apa, poti ena mugulu muno mwayamba kale kutukwana chipembedzo: ambiri mwa ophedwa ndi othamangitsidwa m'midzi ya m'mphepete mwa nyanja ndi Asilamu. Boma linkati zigawengazo ndi mbava chabe, tithana nazo. Mu 2019 linabweretsa asilikali aganyu a Wagner a ku Russia, amene anaphedwako angapo n'kubwerera patangotha miyezi yochepa. Asilikali ena ankamenya ndi kulanda katundu wa anthu omwe anatumidwa kukawateteza. Mnyamata amene anathamangitsidwa kumigodi ya miyala ya ruby ku Montepuez mu 2017, nsomba zake zalandidwa pa rodibuloko, bambo ake amenyedwa, mukuganiza kuti a "machababo", monga eni dera amatchulira zigawengazo, akamupatsa ndalama ndi mfuti akana?

Zoona, zinthu zinasintha mu Julayi 2021 pamene Rwanda inatumiza asilikali ndi apolisi 1,000, ndipo pa 8 Ogasiti analanda Mocímboa da Praia. Asilikali a SADC nawonso anabwera. Koma zigawengazo sizinathe, zinangomwazikana m'timagulu. Kumapeto kwa 2021 zinaoneka ku Mecula m'chigawo cha Niassa, mu Juni 2022 ku Ancuabe, mu Seputembala chaka chomwecho zinawoloka mtsinje wa Lúrio n'kupha sisitere wa ku Italy pamishoni ya Chipene ku Nampula. Mtsogoleri wawo Bonomade Machude Omar anaphedwa mu Ogasiti 2023, anthu n'kumati basi zatha. Febuluwale 2024 zinali ku Chiúre zikuwotcha matchalitchi ndi masukulu. Pa 10 Meyi 2024, a SADC ali mkati molongedza, zinalowa m'tauni ya Macomia n'kunyamula chakudya cha m'nkhokwe ndi galimoto. Julayi chaka chomwecho a SADC anachokeratu.

Ndiye funso musamafunse kuti "ku Palma kuli bwanji". Palma yeniyeniyo ndi Afungi kuli asilikali a Rwanda, n'kotetezeka kuposa kwina konse. Dalaivala sakhala mumpanda, amakhala pamsewu. Kuchoka ku Pemba ndi makilomita pafupifupi 400, ndipo chigawo choopsa ndi msewu wa N380, kuyambira Macomia kudutsa Chai, kuwoloka mtsinje wa Messalo mpaka Awasse. Kum'mawa kwa msewuwo kuli nkhalango ya Catupa komwe zigawenga zimakhala ndi misasa, ndipo midzi ya kunyanja monga Mucojo ndi Quiterajo yakhala ikulandidwa ndi kulanditsidwa kambirimbiri. Boma limagwira likulu la distiriti, likulephera kugwira tchire la pakati pa tauni ndi tauni. Zigawengazo zimavala yunifolomu ya asilikali imene zinalanda, choncho amene wakuimitsa sungamudziwe uli patali. Masiku ano si nthawi zonse zimawombera. Zimatseka msewu, n'kulamula ndalama kuti galimoto ndi anthu zimasulidwe, ndipo zimafunsa dzina ndi chipembedzo. Mlendo wosadziwa Chimwani, Chiswahili kapena Chimakua amaonekera msanga. Asilikali a boma nawonso mlendo wopanda mapepala okwanira amamuyesa kazitape.

Njira ina ndi yodzera ku Montepuez, Nairoto mpaka Mueda. Ndi yaitali, yafumbi, ndipo mvula ikagwa thiraki yolemera imatitimira mpaka ma akiselo. Thiraki yotitimira m'tchire imagona pomwepo, dalaivala naye.

Ine ndikuti asapite. Koma ndikudziwa kuti pakhomo pakavuta munthu samva zimenezi, ndiye ngati atsimikiza, izi zichitike asananyamuke. Kontirakiti ikhale yolembedwa, ndipo inene poyera kuti zikavuta adzamuchotsa ndani, pa chiyani, komanso ngati dzina lake lili pamndandanda wa olowa mumpanda. Ambiri mwa antchito amene anatsala panja mu 2021 anali a makampani ang'onoang'ono ogwira ntchito m'malo mwa akuluwo. Afunse amene adzalipire thiraki ikagwidwa. Abwana akayamba kuzungulira pafunso limeneli, yankho mwalimva kale. Chilolezo chogwirira ntchito ku Mozambique chikhale chenicheni, pasipoti ikhale m'thumba mwake osati mu ofesi ya abwana, inu mutsale ndi fotokope. Atenge ma SIM awiri, a Vodacom ndi Movitel, poti nsanja imodzi ikawotchedwa ina nthawi zina imagwirabe. Ndalama za meticais azigawe pawiri, zina m'thumba zina zobisa, chifukwa netiweki ikathima ndalama za pafoni za M-Pesa ndi dzina chabe. Mafuta adzadze ku Pemba, madzi akumwa a masiku atatu akhale m'kabini.

Akafika pamalo ayang'ane zinthu zing'onozing'ono. Kodi a administrador, omwe ndi DC wa kumeneko, amagona pomwepo kapena amangobwera masana? Aphunzitsi ndi anamwino alipo? Akaona amayi akutuluka m'mudzi ndi mitolo pamutu, ana kumbuyo, kulibe mfuti yomwe yalira, atembenuze thiraki osafunsa munthu. Eni dera amamva msanga kuposa wailesi.

Ndipo pa N380 asayende yekha ngakhale abwana akalipe chotani kuti katundu wachedwa. Adikire mdipiti woperekezedwa ndi asilikali pa Macomia, kaya zitenga masiku awiri, ayende m'mawa, asakhale galimoto yoyamba kapena yomaliza, ndipo ikakwana 3 koloko masana asanafike pa Awasse kapena Mocímboa, tsiku limenelo asanyamukenso pomwe waimapo.