Makatoni a tisitima akhala zaka 12 osatsegulidwa: kugulitsa kapena kudikirabe?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo wina amene amawerenga zomwe ndimalemba pano. Ndaifupikitsa pang'ono:

"Zaka 12 zapitazo ndinali ndi bwalo la tisitima lodzaza chipinda chonse. Titasamuka ndinaliphwasula n'kulongedza zonse m'makatoni. Muli mitu ya sitima 7, mabogi oposa 40, njanji zambirimbiri, ndi makiti a nyumba ndi masiteshoni omwe sindinawatsegule n'komwe. Zina ndi za HO, zina za OO, ndipo pali kamutu kamodzi ka N komwe ndinachita kupatsidwa. Nyumba yomwe ndikukhala pano ilibe chipinda chapadera. Kodi ndisungebe mpaka ndidzapeze malo aakulu, kapena ndingogulitsa zonse?"

Bambo, zikomo pondilembera. (Kwa owerenga atsopano: tikukamba za tisitima tating'ono tamagetsi totsanzira sitima zenizeni. HO, OO ndi N ndi miyezo ya kukula kwa tisitimato, ndipo makiti ndi zidutswa zoti munthu alumikize yekha.) Mwandipatsa njira ziwiri, kudikira kapena kugulitsa, ndipo ine sindikuvomereza iliyonse. Pempho langa n'lakuti mutsitse makatoniwo mwezi uno, muwatsegule onse, ndipo pa zomwe mupezemo mumange kabwalo kokwana pa shelefu imodzi. Zotsalazo mudzaziweruza pambuyo pake, sitima itayenda kale pamaso panu.

Ndiyambe ndi zomwe zikuchitika m'makatonimo pamene inu mukudikira. Ambirife timaganiza kuti chinthu chikakhala m'bokosi lake ndiye kuti chili pabwino. Ndi tisitimati sizili choncho. Girizi wa m'magiya amauma n'kulimba ngati phula. Timalamba ta labala timene opanga ena amaveka pa mawilo kuti mutu uzikoka mwamphamvu timauma n'kuduka. Siponji ya m'mabokosi akale imafumbutuka, n'kusanduka tinyenyeswa tomata timene timakakamira pa penti. Pulasitiki wokulungira wa timatuza uja akagundana ndi penti kwa zaka, amadindapo timawanga tozungulira tosachoka. Makatoni akakhala kudenga, kutentha kumapinda mabogi apulasitiki. Akakhala pansi pa simenti, chinyezi chimabweretsa dzimbiri pa zitsulo ndi nkhungu pa nyumba zamapepala.

Choopsa kuposa zonsezi ndi matenda a chitsulo omwe olankhula Chingerezi amati zinc pest. Mitu yambiri ili ndi chimango chamkati choumbidwa ndi zinc wosakaniza ndi zitsulo zina. Ngati posungunula munalowa mtovu, ngakhale pang'ono chabe, chitsulocho chimayamba kufufuma ndi kung'aluka chokha pakapita zaka, ndipo chinyezi chimafulumizitsa zimenezi. Mankhwala ake palibe. Koma mukachiona msanga, mutha kuchotsa chimangocho chisanang'ambe thupi lapulasitiki limene lachikuta, n'kupulumutsa thupilo, mota ndi mawilo. Katoni yotseka singakuuzeni zimenezi.

Za girizi ndinazionera pa mutu wanga wakuda wa sitima yamalasha, umene unakhala m'bokosi zaka 9. Nditauika pa njanji n'kutsegula magetsi, unangong'ung'udza osasuntha. Ndinazimitsa msangamsanga, chifukwa mota ikamalimbana ndi magiya ouma imatentha mpaka kupsa. Ndinauzondotsa pa kansalu kofewa, kumasula timasikuluu tiwiri tapansi, n'kuchotsa chivundikiro. Girizi anali atasanduka wachikasu, wolimba moti ndinkachita kumukolokosa ndi kamtengo kotokosera m'mano, dzino ndi dzino la giya. Kenako ndinapukuta ndi thonje lonyowetsa isopropyl alcohol mpaka thonjelo linasiya kuda. Oyilo ndinaika ndi nsonga ya singano, kadontho kamodzi pamalo alionse pozungulira, ndipo ndi oyilo wosadya pulasitiki, osati aliyense amene ali pafupi. Nditaubwezera pa njanji unanyamuka monjenjemera, kuima, kunyamukanso, ndipo patatha mphindi 20 unkayenda mwakachetechete ngati sunagonepo. Ntchito yonse inanditengera madzulo amodzi. Mitu yanu 7 ndi madzulo 7, ndipo poyesa koyamba simufunika ngakhale njanji: batire la 9V lija la makona anayi mukaligunditsa pa mawilo a mbali zonse ziwiri, mutu wamoyo wa DC (magetsi oyenda mbali imodzi, ngati a batire) umazungulitsa mawilo.

Musanayese, zondotsani mutu uliwonse muone kunsi. Mukapeza kachitsulo kosalala, kotalika, pakati pa mawilo, umenewo ndi wa dongosolo la kampani ya Märklin, limene limagwiritsa ntchito magetsi a AC (osinthasintha mbali) ndi timisomali ta magetsi pakati pa njanji. Mawilo ake sanalekanitsidwe pa nkhani ya magetsi, choncho pa njanji wamba ya mizere iwiri amayambitsa shoti. Uikeni pambali. Kumbukiraninso ngati ina mwa mituyo munaiikira decoder ya DCC, kachipangizo kolandira malamulo a dijito kudzera mu njanji. Pa DCC njanji imakhala ndi magetsi nthawi zonse, ndipo mutu wopanda decoder ukasiyidwa pamenepo umalira n'kutentha. Pa kabwalo kamene ndikukuuzanika pamayenda mutu umodzi pa nthawi, ndiye DC wamba ya 12V ndi yokwanira.

Tsopano za HO ndi OO, poti mwazisakaniza. HO ndi 1:87 (kutanthauza kuti sitima yeniyeni yachepetsedwa maulendo 87), OO ndi 1:76, koma zonse ziwiri zimayenda pa njanji imodzi ya mamilimita 16.5. Njanji zenizeni za muyezo wofala padziko zimatalikirana mamilimita 1,435, ndipo mukagawa ndi 87 mupeza 16.5 yomweyo. Ndiye HO ndi yolondola. OO inakula ku Britain, komwe mitu yeniyeni ndi yocheperako thupi, ndipo mamota a nthawi imeneyo sankakwana bwino m'kathupi ka 1:87. Opanga anakulitsa thupi, njanji n'kuisiya momwemo, ndipo tisitima ta Hornby Dublo, timene tinatuluka mu 1938, tinafalitsa muyezowu. Kwa inu izi zikutanthauza kuti njanji zanu zonse zigwira ntchito, koma diso lidzaona kusiyana bogi la OO likaima pafupi ndi la HO. Zokolera mabogi nazonso zimasiyana pakati pa za ku Britain, za ku America ndi za maiko ena a ku Ulaya. Ine ndinganene kuti sankhani mbali imodzi, imene mtima wanu ukugunda nayo mukagwira, osati imene ili ndi mabogi ambiri.

Kabwalo kamene ndikukulangizani kali ndi dzina, Inglenook Sidings, ndipo anakatchukitsa ndi Alan Wright wa ku Britain. Taganizirani mtengo wogona chammbali: tsinde limodzi, nthambi zitatu. Mapoyinti, malo amene njanji imagawanika, ndi awiri okha. Nthambi yaitali imakwana mabogi 5, ziwiri zinazo mabogi 3 iliyonse, ndipo tsinde limakwana mutu ndi mabogi 3, osapitirira. Mumaikapo mabogi 8. Mumalemba dzina la bogi lililonse pa kapepala, kusakaniza timapepalato, n'kutola 5. Ntchito yanu ndi kupanga sitima ya mabogi 5 amenewo pa nthambi yaitali, motsatira ndondomeko imene mwatolera. Poti bogi loyamba lingakhale lililonse mwa 8, lachiwiri mwa 7, mpaka lachisanu mwa 4, ndondomeko zonse zimakwana 6,720. Simudzazimaliza.

Kukoma kwake kuli pa kufupika kwa tsinde. Bogi limene mukufuna kuti likhale loyamba mumalipeza lili kumapeto kwenikweni kwa nthambi, kuseri kwa anzake anayi, ndipo inu simungakoke oposa atatu nthawi imodzi. Mumakoka atatu, kubwerera, kutembenuza poyinti, kuwakankhira ku nthambi ina, kumasula, kubwereranso. Pofika apo mwatsekereza bogi lina limene mulifune posachedwa. Mumaima kaye, dzanja lili pa kontirola, maso akuwerenga mipata. Ndi ntchito yomweyo imene anthu amagwira pa yadi yeniyeni ya sitima za katundu, ndipo kwa ine imakoma kuposa kuonerera sitima ikuzungulira bwalo kambirimbiri. Ndi timabogi tatifupi ta OO ta mawilo anayi, zonsezi zimakwana pa thabwa la masentimita 120 m'litali ndi 30 m'lifupi. Ngati mabogi anu a HO ndi ataliatali, talikitsani thabwa kapena chepetsani nthambi zikhale za 3, 2 ndi 2, mabogi akhale 5. Palinso kabwalo kena kotchuka, Timesaver, ka John Allen wa ku America, kamene kanatuluka mu 1972, koma kali ndi mapoyinti ambiri ndipo sindingayambire pamenepo.

Mwina mukuti m'mtima, munthu amene anali ndi chipinda chonse akhutira bwanji ndi shelefu? Ndikumva. Koma bwalo lalikulu limadya zaka lisanaoneke ngati kanthu, ndipo ambiri amatopa ali pa matabwa ndi mawaya. Ngakhale Miniatur Wunderland, bwalo lalikulu la tisitima loonetsa anthu ku Hamburg ku Germany, imene inatsegulidwa mu 2001, yakhala ikumangidwa chigawo ndi chigawo, ndipo kumeneko kuli gulu la anthu olembedwa ntchito. Mukafikitsa njanji ya tsinde kumapeto kwenikweni kwa thabwa, tsiku limene mudzapeze chipinda kabwaloka kadzalumikizidwa ku bwalo lalikulu ngati yadi yake ya katundu. Palibe chotayika.

Pomanga, pulayiwudi wa mamilimita 9 pa chimango cha timatabwa ndi wokwanira. Sankhani njanji mosamala, chifukwa pa kabwalo kotere mutu umayenda pang'onopang'ono, ndipo kuyenda pang'onopang'ono kumaulula litsiro lililonse. Tengani maginito muyendetse pa njanji zanu zakale. Imene yakakamira ndi yachitsulo wamba, imachita dzimbiri, isiyeni. Yachikasu ndi ya brass, imada msanga. Yoyera yosakakamira maginito ndi nickel silver, imeneyo ndiye yabwino. Musaipale ndi sandipepa, chifukwa mikwingwirima yake imasunga litsiro. Kansalu ndi alcohol zikwanira. Tizitsulo tolumikizira njanji tikakalamba timakhwepa, choncho musadalire ito kuti tinyamule magetsi: wotchererani waya ku chidutswa chilichonse cha njanji. Siyaninso timipata tating'ono polumikiza, poti njanji imatalika kukatentha. Ngati mudzagule mapoyinti atsopano, onani kutalika kwa njanjiyo. Mawilo akale ali ndi milomo yakuya imene imayenda bwino pa njanji yotalikirapo ya code 100 koma imagunda pansi pa yofupikirapo ya code 75.

Timiyala ta m'njanji musathamangire. Yendetsani sitima milungu iwiri kapena itatu pa thabwa lopanda kanthu mpaka bogi lililonse lizidutsa pa mapoyinti osagwa. Mukatero ndiye mwaze timiyalato, kutisalaza ndi kaburashi, kutinyowetsa, n'kudontheza guluu wa PVA wosakaniza theka ndi theka ndi madzi, muli kadontho ka sopo wamadzi kuti alowerere. Guluu asafike pa timalilime ta mapoyinti.

Makiti osatsegula aja ndi amene amalemetsa mtima kwambiri, ndikudziwa, chifukwa bokosi lililonse ndi lonjezo limene munadzipatsa nokha. Pa shelefu pakwana nyumba ziwiri kapena zitatu: mosungira katundu, kanyumba ka woyang'anira mapoyinti, mwina khoma la fakitale kumbuyo. Khoma limenelo mungalitenge pa kiti ya nyumba yaikulu, kumanga mbali yakutsogolo yokha n'kuiyedzamiritsa kumbuyo, ndipo kiti imodzi imakupatsani makoma awiri kapena atatu. Pulasitiki wa makiti amakhalitsa, chimene chimafa ndi zomata za zilembo zija zoviika m'madzi. Dulani kamodzi kosafunika muyese. Kakaphwanyikira m'madzi, pakani vanishi woonekera pa pepala lonselo, aume, ndiye muyesenso. Guluu ndi penti wa zaka 12 musalimbane nazo.

Kamutu ka N musakapeputse. Njanji yake ndi ya mamilimita 9, ndipo anthu a OO amagwiritsa ntchito njanji yomweyo poyerekeza sitima za njanji yopapatiza, zimene amati OO9. Chimango cha kamutu kanu chingalowe pansi pa thupi latsopano la 1:76, n'kukhala kasitima ka kumgodi kapena ka m'nkhalango. Imeneyo ndi shelefu yachiwiri, ya chaka china.

Kugulitsa kubwere kabwalo katayamba kuyenda. Panthawiyo mudzakhala mutadziwa muyezo wanu, nyengo ya sitima zanu ndi mabogi amene dzanja lanu limabwererako. Za muyezo winawo, mabogi aatali a anthu amene sangakwane, makiti a masiteshoni aakulu, zimenezo zipite kwa munthu amene azimange. Kiti yomatabe komanso mutu woyenda uli m'bokosi lake zimapeza wogula mosavuta, ndipo ngati pali chilema, chineneni. Zimene mwasankha kusunga, chotsanimo siponji yakale, kulungani chilichonse mu pepala lofewa lopanda asidi, ikani m'mabokosi apulasitiki otseka bwino pamodzi ndi timapaketi ta silica gel toyamwa chinyezi, ndipo akhale m'chipinda chimene mumakhalamo, osati kudenga. Chotsani mabatire paliponse pamene ali. Mutu uliwonse uzituluka miyezi ingapo iliyonse kudzagwira ntchito pa shelefu, asinthane.

Mukatsegula makatoniwo, jambulani kunsi kwa mitu yonse 7 mundionetse, pamodzi ndi muyezo wa khoma limene mungaikepo shelefu ndi kutalika kwa bogi lanu lalifupi kwambiri. Ndi zimenezo ndikuwerengerani kutalika kwa tsinde ndi nthambi zitatuzo.