Za msonkhano wa AWP: pitani ngati mphunzitsi

Aphunzitsi, mwafunsa ngati n'koyenera kulowetsa ndalama zanu pa ulendo wa ku msonkhano wa pachaka wa AWP, bungwe la alembi ndi aphunzitsi a zolembalemba ku America, popeza mumaphunzitsa kalembedwe ka nkhani ndi ndakatulo komanso muli ndi buku limene mukulifunira wosindikiza. Langizo langa ndi lakuti mupite, koma cholinga chachikulu chikhale ntchito yanu ya m'kalasi, chifukwa za bukulo mukhoza kubwerako manjamanja.

Bungwe la Association of Writers & Writing Programs (AWP) linakhazikitsidwa mu 1967 ndi alembi amene ankaphunzitsa m'mayunivesite, n'chifukwa chake msonkhanowu umakomera kwambiri aphunzitsi mpaka lero. Umachitika chakumayambiriro kwa chaka ndipo umasinthasintha mizinda: mu 2023 unali ku Seattle, mu 2024 ku Kansas City, mu 2025 ku Los Angeles. Kumabwera anthu masauzande ambiri ndipo zokambirana zambirimbiri zimachitika nthawi imodzi m'zipinda zosiyana, moti amene amafuna kulowa paliponse tsiku limamuthera m'makonde. Sankhani ziwiri kapena zitatu patsiku, makamaka zokhudza mmene mungakonzere ntchito ya wophunzira popanda kumugwetsa mphwayi.

Nthawi yotsalayo mukaithere pachionetsero cha mabuku, pomwe pamakhala matebulo mazanamazana a makampani ang'onoang'ono osindikiza mabuku ndi a magazini a zolembalemba, ndipo kawirikawiri amene wakhala kuseri kwa tebulo ndi mkonzi weniweniyo. Tsegulani magazini yake, werengani tsamba limodzi kapena awiri muli chiimire, kenaka mufunseni miyezi imene amalandira zolemba ndi mtundu wa nkhani zimene zamukwana. Musamusiyire mpukutu wa zolemba zanu, chifukwa adzakuuzani mwaulemu kuti mutumize pa intaneti monga wina aliyense, ndipo kunena zoona munthu amene waimirira tsiku lonse sangawerenge chilichonse ndi mtima wonse. Tsiku lomaliza ambiri amatsitsa mitengo posafuna kubwerera ndi makatoni, choncho siyani malo m'chikwama.

Madzulo alembi amawerenga zolemba zawo m'masitolo a mabuku ndi m'malo ena a mumzinda, nthawi zambiri kwaulere. Malo ogona apafupi amadzaza msanga, ndipo ngati mukufunika visa yambani kuikonza miyezi ikadalipo.