Ndigule multimeter kapena oscilloscope?

Funso: Aphunzitsi, ndili m'chaka chachiwiri cha uinjiniya wa zamagetsi. Ku labu timaunjikana anthu ambiri pa oscilloscope imodzi (makina oonetsa funde la magetsi pa sikirini), moti ine sindinaigwirepo n'kamodzi komwe. Amalume andilonjeza kandalama pang'ono. Kodi ndigule ka oscilloscope kam'thumba kapena multimeter? *Wophunzira, Blantyre*

Yankho: Gulani kaye multimeter, mita ija yoyezera ma volt ndi ma amp, mwana wanga. Chida chimenechi mudzachigwira tsiku lililonse mpaka mutapuma pantchito. Pogula musangoona mtengo. Onani ngati palembedwa CAT III 600 V, chizindikiro cha mlingo wa chitetezo cha mitayo, ndipo funsani ngati ili ndi fyuzi mkati. Ophunzira anga angapo anawotcha mita poiwala chingwe chofiira m'bowo loyezera ma amp n'kukayeza pa soketi. Bowo limenelo lili ngati waya chabe, ndiye munthu amakhala walumikiza live ndi neutral mwachindunji. Pamenepo chopulumutsa dzanja lanu ndi fyuzi yabwino basi.

Komabe nkhani yoti simunagwirepo oscilloscope yandidetsa nkhawa. Mita imangokupatsani nambala imodzi, pamene oscilloscope imakuonetsani mmene magetsiwo akuyendera. Magetsi a ESCOM mita imati ndi 230 V, koma funde lake limakwera kufika pafupifupi 325 V, ndipo limabwereza ka 50 pa sekondi. Pa Arduino, kabolodi kakang'ono kolamulidwa ndi pulogalamu, mukaika PWM (kuyatsa ndi kuzimitsa magetsi mofulumira) pa theka, mita ionetsa pafupifupi 2.5 V, chonsecho pini yotulutsa magetsiwo ikungodumpha pakati pa 0 ndi 5 V. Wophunzira amene sanaone zimenezi ndi maso ake amangoloweza, ndipo ine zimandipweteka mtima.

Choncho pitani kwa teknishani wa labu, mwaulemu, mupemphe ola limodzi masana pamene mulibe anthu. Ambiri savuta akaona kuti mwana ali ndi chidwi. Yambani ndi function generator, makina opanga mafunde oyeserera, phunzirani kusintha volts/div ndi time/div (kutalika ndi kutambalala kwa funde pa sikirini), kenako trigger, yomwe imaimitsa funde, kufikira funde litaima chilili pa sikirini.

Chenjezo langa lalikulu ndi ili: kachopanira kakuda ka probe, chingwe choyezera cha oscilloscope, ndi kolumikizidwa ku earth ya nyumba kudzera m'pulagi ya oscilloscope. Mukakapana pa waya wa live, kadzaphulika pomwepo. Enanso amadula earth kuti apewe zimenezi, koma akatero zitsulo za makinawo zimakhala ndi magetsi opha munthu. Mukafuna kuona funde la ESCOM, dzerani pa transifoma yotsitsa magetsi kufika pa 12 V, aphunzitsi ali pambali panu.